Chipande cha agogo, cha pamsika kapena cha kunja: mungayambire pati kusonkhanitsa ziwiya zakale za mtengo?

Ziwiya za mtengo zikuchoka m'makhitchini mwathu popanda wozitsanzika. Chigayo chinalanda mtondo waukulu ntchito yake yokonola ndi kusinja, mbale za pulasitiki ndi za chitsulo zinapirikitsa mbale zosema, ndipo chipande chikang'ambika lero chimathera pamoto wa nyemba. Chimene chakana kuchoka kwenikweni ndi mthiko, chifukwa nsima sivundulidwa ndi china. Chonsecho mu 2017 bungwe la UNESCO linalemba kaphikidwe ndi kadyedwe ka nsima ya ku Malawi pa mndandanda wa miyambo ya anthu a padziko lonse yofunika kuisunga. Mwambowo tikuusunga pophika tsiku ndi tsiku, koma zida zake zakale tikuzitaya.

Ku America ndi ku Ulaya kuli anthu amene ntchito yawo ndi kusaka zinthu ngati zomwezi: mbale zokandiramo ufa wa buledi, masipuni osema pamanja, tizidindo tosindikizira maluwa pa batala, timitondo tosinjira zokometsera. Amazigula, kuzigulitsana ndi kuziika pa mashelefu. Pakati pathu nawonso alipo amene ayamba kuchita chidwi, ena m'tauni, ena ku Johannesburg kapena ku Leeds kumene chipande chopachika pakhoma chimakumbutsa kwawo. Funso limene onsewa amakumana nalo ndi loti ayambire kuti. Njira zilipo zinayi zimene ndikuziona, ndipo sizilingana. Maganizo anga sindibisa: chiwiya chakale chimalemera chifukwa cha manja amene anachigwira, choncho njira yabwino ndi imene ingakuuzeni kuti manjawo anali a yani.

Muyambe mwaphunzira kuona

Musanasankhe njira, diso liyambe lazolowera. Tengani chipande chimene chaomola nsima zaka zambiri, muchiyang'ane pa dzuwa. Mlomo wake sukhala wofanana mbali zonse. Mbali imene inkakhula m'mphika imadyeka n'kupyapyala, ndipo mungathe kudziwa ngati mwini wake anali wamanzere kapena ayi. Chogwirira chimakhala choterera ndi chodera pamalo pokhapo pamene chikhatho chinkafumbata, pomwe kunsonga kwenikweni kumatsala koyererako. Kumsana kwake, kumene sikukhudza chakudya, mumapezabe timabala ta kasemasema, tosalinganika, tina takuya tina tosaya. Nthawi zambiri pamakhalanso chipsera cha moto pamene chinaiwalika pafupi ndi mafuwa, ndi fungo la utsi la kutsindwi kumene ankachitsomeka.

Mtondo nawo uli ndi zizindikiro zake. M'kati mumakhala mosalala ngati mwapakidwa mafuta, dzenje lake limazama kuposa mmene msemi analisiyira, ndipo tsinde lake limadyeka ndi chinyezi cha pansi. Ukang'aluka eni ake ankaumanga ndi waya kapena kuukhomerera kachidutswa ka lata. Chigamba chotero musachione ngati chilema. Ndicho chikukuuzani kuti mtondowo unali wofunika pakhomopo, sakanatha kungoutaya.

Lamulo lake ndi limodzi: kudyeka kuzipezeka pamene ntchito inkachitikira. Chiwiya chimene chakalamba mofanana thupi lonse, kuyambira kumlomo mpaka kuchogwirira, chinakalambitsidwa dala.

Kwanu kumudzi

Njira yoyamba ndi kupita kwa agogo, kwa azakhali, kwa apongozi, n'kupempha. Iyi ndi imene ndimaiika patsogolo pa zonse, ndipo chifukwa chake si kutsika mtengo. Kumudzi ndiko kokha kumene chiwiya chimabwera ndi dzina. Mukhoza kuuzidwa kuti mtondo uwu anasema ndi malemu auje a kutsidya kwa dambo, kuti mtengo wake unali pamunda wakuti, kuti unagulidwa chaka chimene amalume anu anabadwa, kuti pa njala ya 2002 ndimo ankasinjiramo zimene zinapulumutsa banja. Wogulitsa wa ku London sangakupatseni zimenezo ngakhale mutamulipira bwanji.

Koma njira imeneyi ili ndi mtengo wake umene suwerengedwa m'makwacha. Choyamba, chinthu cha pakhomo sichikhala cha munthu mmodzi. Kwa ife a mbumba, ziwiya za amayi zimayenda kupita kwa ana aakazi, ndipo amene anatsala pamudzi kusamala gogo ndi amene wakhala akuzigwiritsa ntchito. Inu wochokera m'tauni mukangofika n'kunyamula mtondo kuuponya m'galimoto, mwaputa mlandu umene udzatuluke pa maliro kapena pa ukwati zaka zikubwerazo. Pemphani poyera, pamaso pa ena, ndipo mufotokoze chimene mukufunira. Anthu akaona munthu akufunitsitsa chipande chong'ambika cha nkhalamba amatha kuganiza zina, makamaka ngati mwini wake anamwalira. Kunena momveka kuti "Agogo, ndikufuna ndikachisunge kuti adzukulu anu adzachione" kumachotsa manong'onong'o. Ndipo ngati katundu wa malemu sanagawidwe mwa mwambo wake, dikirani. Palibe chipande choyenera kudanitsa abale.

Chachiwiri, musasiye dzenje. Ngati mtondowo ukugwirabe ntchito yosinja nsinjiro kapena chigwada, pitani ku msika mukagule watsopano wabwino, mubwere nawo ndi munsi wake, kenako mupemphe wakalewo. Ena adzakana ndithu, adzati watsopano umatulutsa zinyenyeswa za mtengo m'chakudya mpaka utazolowera, ndipo akunena zoona. Akakana, ujambuleni chithunzi, lembani mbiri yake, muusiye. Udzakupezani nthawi yake ikakwana.

Chachitatu, musayembekezere zinthu za zaka mazana. Dziko lathu ndi la chiswe, chinyezi cha dzinja ndi moto wa nkhuni. Mthiko umatha msanga, chipande chimapirirako, mtondo wa mtengo wolimba ndi umene umadutsa mibadwo. Zambiri zimene mungapeze ndi za nthawi ya amayi anu kapena agogo anu, ndipo zina zidzakhala zofumbwa. Kwa ine zimenezi sizichepetsa kanthu, koma munthu amene akufuna zinthu zoti adzagulitse pa mtengo wokwera adziwiretu kuti kumudzi sakapezako chuma chotero.

Chimene anthu ambiri amaiwala ndi kulemba. Tsiku lomwelo limene mwalandira chiwiyacho, khalani pansi ndi mwini wake, muyatse foni, muwajambule mawu. Afunseni dzina la chinthucho m'chilankhulo chawo, chifukwa Mlomwe wa ku Phalombe, Myao wa ku Mangochi ndi Mchewa wa ku Katete sangachitchule mofanana nthawi zonse. Afunseni mtundu wa mtengo, dzina la wosema, mudzi, ndi chaka kapena chochitika chimene akuchikumbukira. Ngati ndi mtondo, apempheni ayimbe nyimbo imene ankayimba pokonola. Kenako lembani zonsezo m'kope, mupatse chiwiyacho nambala, nambalayo muilembe pa kapepala komangirira ndi ulusi. Osalemba ndi inki pa mtengo weniweniwo. Gogo akapita, chipande chopanda kapepala chimasanduka chipande wamba m'manja mwa adzukulu.

Pamsika wa ziboliboli

Njira yachiwiri ndi yofulumira: kupita kumene amagulitsa zosemasema. Ku Lilongwe alipo pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, ku Zomba m'njira yokwera phiri, kunyanja ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay, ku Lusaka ku Kabwata Cultural Village. Pakati pa njovu, mipando ya mfumu ndi mabawo, mumapeza masipuni, mbale ndi timitondo, ndipo mukafunsa zakale ena amakutulutsirani m'thumba la pansi pa tebulo.

Ubwino wake ndi woti mumagwira chinthu ndi manja musanalipire, mumaona zambiri tsiku limodzi, ndipo mtengo umakambidwa. Ndalama yanu imapitanso kwa anthu amene akudyetsa mabanja ndi luso la manja. Vuto ndi loti msika uwu unapangidwira alendo, ndipo mlendo akafuna chakale, chakale chimapezeka. Mtengo woyera wopepuka umapakidwa polishi wa nsapato kuti uoneke ngati phingo. Mbale yosemedwa mwezi watha imapachikidwa pa utsi, kupakidwa dothi kapena kukwiriridwa masiku angapo. Si onse amene amachita zimenezi, ndipo ambiri mukawafunsa mwaulemu ndi mosapita m'mbali amanena zoona kuti chinthucho n'chatsopano. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chakuda kwambiri ndi chonyezimira kwambiri ndicho muyenera kuchifufuza koposa.

Kufufuza kwake si kovuta. Nunkhizani. Polishi ndi vanishi sizibisika, pomwe utsi wa zaka zambiri umanunkhira mozizira, osati ngati chikuni chozimitsidwa dzulo. Khulani pamalo obisika ndi kansalu koyera konyowa pang'ono. Kakada msanga ndiye kuti mtunduwo ndi wopaka. Nyamulani muyese kulemera: phingo weniweni ndi wolemera kwambiri moti amamira m'madzi, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi kachigawo koyera ka kunja kwa thunthu. Yang'anani m'ming'alu. Mng'alu wakale umakhala wakuda ndi fumbi mpaka m'kati, watsopano umaonetsa mtengo woyera. Ndiye muganizirenso ntchito yake: sipuni yokhala ndi nyamalikiti kuchogwirira, yopyapyala moti ingathyoke mu phala, sinapangidwire kuphika. Ikhoza kukhala yokongola, mukhoza kuigula, koma muigule monga chokongoletsa.

Pali mfundo ina imene imasokoneza ngakhale akatswiri. Kusemera alendo sikunayambe dzulo. Ku Barotseland, kumadzulo kwa Zambia, mfumu ya Alozi, Litunga Lewanika, amene anamwalira mu 1916 ankalimbikitsa amisiri ake kusema mbale za zivindikiro zokhala ndi zifanizo za nyama pamwamba, ndipo zambiri zinagulitsidwa kapena kuperekedwa kwa azungu. Mbale yotero lero ndi yakale ndithu, yoposa zaka 100, koma mwina sinalandirepo ndiwo n'kamodzi komwe. Ukale ndi kugwiritsidwa ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo muyenera kudziwa chimene inu mukufuna pa ziwirizi.

Chimene chimandivuta pa njira imeneyi ndi chakale chenicheni chikapezeka. Chinafika bwanji pamenepo? Kawirikawiri wina anayenda m'midzi n'kugula kwa nkhalamba pa ndalama yosakwana kugula mchere ndi sopo, osalemba dzina kapena mudzi. Mukagula, funsani kumene chinachokera, mulembe ngakhale boma lokha, ndipo mulembenso kuti mawuwo ndi a wogulitsa. Mbiri yoperewera ndi yabwino kuposa yopeka.

Musaiwale misika wamba. Pa Lizulu, pa Mitundu kapena pa Lunzu, mithiko, zipande ndi mitondo zimagulitsidwa kwa anthu ophika, pa mtengo wa anthu ophika, popanda wonamizira ukale. Munthu wofuna kudziwa kusiyana kwa kasemedwe ka madera angaphunzire zambiri pamenepo kuposa pa msika wa alendo.

Zakale za kunja

Njira yachitatu ikukhudza makamaka abale amene ali ku Britain, ku America ndi ku South Africa, ngakhale intaneti yaifikitsa kwa aliyense. Kumeneko kusonkhanitsa ziwiya za mtengo ndi ntchito yokhazikika, ili ndi masitolo ake, okushoni ndi akatswiri ake. Ku Britain tinthu ta mtengo ta m'nyumba amatitcha treen, ndipo Birmingham Museum and Art Gallery inagula mu 1965 tinthu totere masauzande angapo timene Edward Pinto anasonkhanitsa. Ku Wales kuli mwambo wa mnyamata kusemera chibwenzi chake sipuni, ndipo yakale kwambiri yokhala ndi chaka, ya 1667, imasungidwa ku nyumba yosungira zakale ya St Fagans pafupi ndi Cardiff. Ziwiya za mkaka ndi batala kumeneko ankakonda kusema ndi mtengo wa sycamore chifukwa susiya fungo m'chakudya. Ku America zimene zimafunidwa kwambiri ndi mbale zosemedwa kuchokera ku mfundo yotupa ya pa thunthu la mtengo wa ash kapena maple, zimene eni dziko akale a kumpoto chakum'mawa komanso atsamunda oyamba ankapanga. Mitsempha ya mtengo pa mfundo yotero imapotana, choncho mbaleyo sing'aluka msanga.

Ubwino wa njira iyi ndi ukale weniweni. Nyumba zouma za kumaiko ozizira zasunga zinthu za m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 zimene kwathu chiswe chikanamaliza kalekale. Zilipo zolembedwa zambiri zokuthandizani kuyerekeza, ndipo wogulitsa wodziwika amakupatsani risiti yofotokoza chinthucho. Amene ali ku Britain angayambe motchipa pa misika ya Loweruka ndi Lamlungu imene anthu amagulitsira katundu wakale kumbuyo kwa galimoto, kapena m'masitolo a mabungwe achifundo, asanapite ku msika wa zakale wa Portobello Road ku London kumene mitengo ndi ina.

Kuipa kwake kulipo kuwiri. Koyamba ndi kofanana ndi kwa kwathu: zachinyengo. Pa misika ya pa intaneti ya eBay ndi Etsy pali mbale zokandira buledi zambirimbiri zolembedwa kuti n'zakale, koma zina ndi zatsopano zopangidwa mochuluka n'kuzikalambitsa, zina ndi zakale ndithu koma zochokera kum'mawa kwa Ulaya kapena ku Turkey pomwe wogula akuganiza kuti ndi za ku America. Pa chithunzi simunganunkhize kapena kuyesa kulemera. Pemphani zithunzi za pansi ndi za pafupi. Mizere yozungulira yolinganika bwino ikutanthauza kuti chinthucho chinazunguzidwa pa makina, ndipo ngakhale makina otere ndi akale kwambiri, chinthucho si chosema ndi kasemasema. Mukaona zitatu kapena zinayi zofanana ndendende kwa wogulitsa mmodzi, dziwani kuti zinachokera ku fakitale.

Kuipa kwachiwiri ndi kwa mumtima. Chidindo cha batala cha ku Pennsylvania ku America n'chokongola, koma kwa ambiri a ife sichinena kanthu. Sitinaone amayi akuchigwira. Ngati chimene chikukukokani ndi luso la kusema lokha, pitirizani, mudzaphunzira zambiri. Koma ngati mukufuna chinthu choti mwana wobadwira kunja achigwire n'kufunsa za kwawo, chimenechi sichingagwire ntchitoyo.

Pamene njira ya kunja imandikomera ndi pa ziwiya za kuno kwathu ku Africa zimene zinapita kumeneko ndi amishoni, asilikali ndi ogwira ntchito za boma la atsamunda, ndipo tsopano zikutuluka m'nyumba za adzukulu awo. Mbale za nyama za Azulu zotchedwa ugqoko, zokamira mkaka zotchedwa ithunga, masipuni awo osemedwa mwaluso, ndi mbale za Alozi zimapezeka pa okushoni ku Britain ndi ku South Africa. Zodziwika bwino zimakwera mtengo. Koma za ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia nthawi zina zimangolembedwa kuti za ku Africa, chifukwa wogulitsa sakuzidziwa, ndipo pamenepo diso la munthu amene anakulira pa mtondo limaposa la katswiri. Chinthu chotero chikakhala ndi kapepala kakale kapena kalata ya banja, musalole kuti zisiyane.

Kwa msemi wamoyo

Njira yachinayi ena sangaiwerenge, poti chinthu chatsopano si chakale. Ine ndikuiwerenga. Amisiri odziwa kugoba mtondo ndi moto ndi sompho, odziwa kusankha nthambi ya munsi, akukalamba, ndipo ana awo ambiri sakutengera. Kupita kwa mmodzi wa iwo, kumulipira bwino, kumuona akusema, kulemba dzina lake ndi tsiku, kumakupatsani chinthu chokhala ndi mbiri yathunthu kuyambira pa chitsa. Ku Mua, m'boma la Dedza, malo a Kungoni amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 aonetsa kuti luso la kusema likapeza msika wolilemekeza limakhala ndi moyo. Koma simuyenera kufika ku Mua. Pafupifupi dera lililonse lili ndi munthu amene amayi amamudziwa kuti ndiye amasema zipande zosang'ambika.

Chenjezo lake ndi mitengo. Mlombwa, mbawa, muwanga ndi phingo zachepa kwambiri, ndipo mtondo umodzi umadya thunthu lonse. Musamupatse msemi chifukwa chokalowera m'nkhalango yotetezedwa. Funsani mtengo umene unagwa wokha kapena wa pamunda. Mango wokalamba amatulutsa mtondo wabwino, ndipo mthiko ndi chipande sizifuna mtengo wa mtengo wapatali.

Za pachipata cha dziko

Amene akufuna kutuluka nazo kunja adziwe zinthu zingapo. Malawi ali ndi lamulo loteteza zinthu zakale, ndipo chinthu chimene chikuwerengedwa kuti ndi cha mbiri ya dziko sichituluka popanda chilolezo. Chipande cha amayi anu sichingakuvutitseni, koma ngati mwapeza chinthu chakale kwambiri kapena cha pabwalo la mfumu, yambani mwafunsa ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale kapena ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri ku Blantyre. Zambia nayo ili ndi lamulo lotero. Phingo ali m'gulu la mitengo ya Dalbergia imene kuyambira mu Januwale 2017 malonda ake a pakati pa maiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES loteteza nyama ndi zomera zimene zikhoza kutha, ngakhale tinthu tosemedwa kale tosapitirira makilogalamu 10 timaloledwa. Maiko ngati Australia ndi New Zealand amafuna kuti chilichonse cha mtengo muchionetse pofika, ndipo chofumbwa akhoza kuchilanda.

Mukafika nacho kunyumba

Njira iliyonse imene mwatsata, pano ndi pamene zinthu zambiri zimaonongekera, ndipo zimaonongedwa ndi anthu ozikonda. Munthu amafika ndi mtondo wa agogo, n'kuupala ndi sandipepa, n'kuupaka vanishi kuti uwale pabalaza. Pa ola limodzi wachotsa zonse zimene zaka makumi asanu zinalemba. Vanishi sabwerera m'mbuyo. Chakale chimangofuna kupukutidwa fumbi ndi burashi yofewa kapena nsalu youma. Osachiviika m'madzi, osachiyanika pa dzuwa la Okutobala, osachiika pafupi ndi mbaula kapena chotenthetsera nyumba, chifukwa kuuma mwadzidzidzi ndiko kumang'alula.

Musanachilowetse pakati pa katundu wina, chiikeni pa pepala loyera kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mukapeza kaufa kosalala pansi pa timabowo, tizilombo tikadali m'kati. Apa pali njira ziwiri. Mankhwala othira m'chimanga kapena opopera nsikidzi ndi ofulumira, koma amalowa m'mtengo, amatha kusiya mawanga, ndipo chiwiyacho sichingakhudzenso chakudya kapena kupatsidwa mwana kuti achigwire. Kuumitsa ndi kozizira ndiko nyumba zosungira zakale zimakonda: kulungani chinthucho ndi nsalu, chiikeni m'jumbo yolimba, tulutsani mpweya, mangani bwino, muike mu firiji youmitsira nyama imene imafika pa -18°C kwa milungu iwiri. Mukatulutsa musamasule jumboyo mpaka tsiku lathunthu litapita, kuti thukuta lichite kunja kwa pulasitiki osati pa mtengo. Ngati magetsi akuthimathima nthawiyo, yambaninso kuwerenga masiku. Mtondo waukulu sungalowe mu firiji, choncho uikeni pawokha, pa njerwa kapena pa thabwa kuti usagunde pansi, muziuyang'anira.

Nanga mafuta? Zimatengera ngati chiwiyacho mukuchigwiritsabe ntchito kapena ayi. Choika pa shelefu chisiyeni chouma, kapena muchipake phula la njuchi pang'ono kwambiri. Chimene chikuphikabe mungachipake mafuta oyera a ku famase otchedwa liquid paraffin, amene si parafini wa nyali uja ayi. Mafuta ophikira amavunda pakapita nthawi, amanata ndipo amaitana mphemvu.

Pa funso loti muzichigwiritsa ntchito kapena kuchipachika, ine ndimagawa motere: cholimba chimene chilipo china chonga icho, chiphikeni, chifukwa chipande chimakhala bwino chikamaomola. Chong'aluka, chofumbwa, kapena chokhacho chotsala cha munthu amene anapita, chipumitseni.

Ndiye mutsate iti?

Ngati muli ndi gogo kapena azakhali amene akadali moyo, musayambe ndi msika uliwonse. Pitani kumudzi chaka chino ndi kope ndi foni, chifukwa njira zina zitatuzi zidzakhalapobe mawa, koma iyi imatsekeka munthu mmodzi akatsikira kuli chete. Ngati kwanu kunatha kapena kuli kutali kosafikika, msemi wamoyo ndiye wachiwiri, ndipo misika wamba ya m'maboma ikuthandizeni kudziwa kasemedwe ka madera. Msika wa ziboliboli ndi wabwino kwa munthu amene diso lake lakhwima ndipo sachita manyazi kufunsa ndi kununkhiza. Msika wa kunja usiyireni amene ali ndi ndalama yoti akhoza kuitaya pa chinthu chimodzi chonama pophunzira, kapena amene akusaka mwadala za kuno zimene zinasochera kumeneko.

Ndipo musathamangire kuchuluka. Sankhani mtundu umodzi, kaya zipande zokha, kaya timitondo ta nsinjiro, kaya ziwiya za boma limodzi, kuti muzitha kuika ziwiri pamodzi n'kuona kusiyana kwa dzanja la msemi uyu ndi uyo. Kope lija mulijambule masamba ake pa foni, mutumizeko kwa mbale mmodzi kapena awiri, ndipo muwauze kumene ziwiyazo zidzapite inu mukadzachoka, kaya kwa mwana wakuti kaya ku nyumba yosungira zakale.